Utoto pa tizidole tankhondo

Ku England kuli akuluakulu a ndevu zawo amene madzulo amakhala pansi n'kumapenta tizidole tapulasitiki tosaposa chala kutalika: asilikali, mfiti, zilombo za m'nthano. Kampani ya Games Workshop, imene likulu lake lili ku Nottingham, inatulutsa masewera a Warhammer mu 1983, ndipo m'masewerawa tizidoleto amatimenyanitsa nkhondo patebulo.

Chimene chimandikoka ine ndi kapentedwe kake. Amayamba ndi utoto wapansi woti winawo ugwirepo. Kenako amapaka mitundu yeniyeni, yosungunula ndi madzi, mopyapyala, kawiri kapena katatu, chifukwa wokhuthala umakwirira maso ndi makwinya a chovala. Akatero amathira utoto wakuda wamadzimadzi umene umalowa m'ming'alu n'kupanga mithunzi. Pomaliza amapukuta burashi mpaka itatsala pang'ono kuuma, n'kuisesetsa pamwamba kuti m'mphepete muwale.

Luso lotere si lachilendo kwathu kuno. Anyamata oweta ng'ombe m'madambo a ku Mponela ndi m'mapiri a Ntchisi amaumba nkhunzi zadongo, za linunda ndi nyanga zakuthwa, n'kumazigundanitsa. Zambiri zimasweka zisanaone moto, ndipo zimandiwawa. Aphunzitsi a m'mapulaimale, thandizani anawa kuziotcha, muwapatse makala, phulusa ndi katondo kuti azikongoletse.