Kalata zimapita, mayankho osabwera

Pa Boma la Mzimba, chidziwitso cha ntchito chikangomatidwa ku ofesi ya khonsolo ya M'mbelwa, malo ochitira fotokope amadzaza. Achinyamata a ku Khosolo, Mabulabo, Jenda ndi Embangweni amafika ndi maenvulopu akhaki, satifiketi ya MSCE ili m'kati, ena atagulitsa nkhuku kuti apeze ya thiransipoti. Koma kalata isanalowe n'komwe, pamzere pamamveka mawu amodzimodzi: mayina analembedwa kale, ntchito ili ndi eni ake.

Chikaikochi chili ndi pochokera. Mu June 2020, unduna wa zaumoyo utaitana ofuna ntchito ya alangizi a zaumoyo kuti angofika kudzayesedwa, chinamtindi cha anthu chinakhamukira pa sekondale ya Katoto ku Mzuzu. Anthu anapondana, ambiri n'kuvulala. Munthu amene anakankhana pachipata tsiku lija, mungamuuze bwanji kuti chimene chinayesedwa ndi nzeru zake?

Malamulo alipo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho, ndipo lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limanenanso zomwezo pa kalembedwe ka antchito. Mu 2021 ofesi ya Ombudsman inapeza kuti ku bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga la MACRA anthu ena analembedwa ntchito mosatsata ndondomeko. Nkhani zotere zikamveka pa wailesi, wa ku Luwerezi amangoti: si izo tinkanena zija.

Komatu chimene chimawawa kwambiri si kulephera. Aliyense amadziwa kuti malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Chowawa ndi kukhala chete kwa olemba ntchito. Munthu amadikira miyezi, foni osaisiya kutali, mpaka kudzamva kwa anzake kuti ena anayamba kale ntchito. Sanauzidwe kuti anaperewera pati, ofunsa mafunso anali ndani, malikisi anagawidwa motani. Posowa yankho, mphekesera za ziphuphu ndi zokondera achibale zimamera, ngakhale pamene zonse zinayenda bwino. Ena amasiyiratu kulemba makalata, n'kuyamba kufunafuna pasipoti ya ulendo wa ku Joni.

Olemba ntchito, a boma ndi a mabungwe omwe, matani mayina a osankhidwa poyera, nenani ndondomeko imene mwatsata, ndipo amene sanachite mwayi atumizireni ngakhale uthenga wa pafoni. Inunso amene mwaona zachinyengo, musangodandaulira pamzere: maofesi a Ombudsman ndi a bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB alipo ku Mzuzu.