Fupa likathyoka: zomwe wazaumoyo ayenera kudziwa

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Chigaza chimateteza ubongo, nthiti zimatchinga mtima ndi mapapo, pomwe msana ndi mafupa a miyendo ndiwo amanyamula thupi pamodzi ndi mtolo wa nkhuni omwe mayi wasenza pokwera zitunda za ku Dowa ndi Ntchisi.

Fupa ndi lamoyo. Lili ndi mitsempha ya magazi, ndipo mafuta a m'kati mwa mafupa ena ndiwo amapanga magazi. N'chifukwa chake fupa la ntchafu likathyoka, munthu atha kutaya magazi oposa lita imodzi m'kati mwa mwendo, popanda bala looneka. Bala likafika pafupa, tizilombo timalowa n'kuyambitsa mafinya ovuta kuchiza.

Choncho mwana akagwa mumtengo wa mango, kapena munthu akachita ngozi ya kabaza, wazaumoyo asakoke kapena kusisita chiwalocho. Achimangirire kuthabwa kapena katoni yolimba kuti chisagwedere, aphimbe bala ndi nsalu yoyera, ndipo wodwalayo apite kuchipatala cha boma cha Dowa kapena Ntchisi tsiku lomwelo. Akachedwa, fupa limatha kulumikizana mokhota, munthu n'kulumala.