Kanyenyezi koyenda kaja ndi makina a anthu

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, thambo likayera, yang'anani kumwamba dzuwa litangolowa kumene. Nthawi zambiri mudzaona kadontho kowala kakuyenda mosathamanga pakati pa nyenyezi. Sikaphethira ngati nyali za ndege, kalibe phokoso, ndipo pakapita mphindi zochepa kamangozimirira pakatikati pa thambo. Ena kumudzi sachedwa kugamula kuti ndi ndege ya afiti. Koma kameneko ndi setilaiti, makina opangidwa ndi anthu. Ilibe nyali yakeyake. Imawala chifukwa kumtunda komwe ili dzuwa limakhala likuiombabe, ndipo ikalowa mumthunzi wa dziko lapansi, maso athu saionanso.

Yoyamba inali Sputnik 1, imene dziko la Soviet Union linaiponya m'mlengalenga pa 4 Okutobala 1957. Inali mpira wachitsulo wolemera makilogalamu 83 ndi pang'ono, ndipo ntchito yake yaikulu inali kutumiza kaphokoso pa wailesi. Lero kumwambako kuli masetilaiti masauzande ambiri.

Funso limene ana asukulu amakonda kufunsa, ndipo akuluakulu timalizemba, ndi lakuti chitsulo cholemera chonchi chimalekeranji kugwa. Yankho lake n'lodabwitsa: chikugwa ndithu, koma sichifika pansi. Mukagenda mwala, umapita patsogolo uku ukutsika mpaka utagwa. Mukaugenda mwamphamvu umakagwera patali. Tsono dziko lapansi ndi lozungulira, ndiye chinthu chikathamanga makilomita pafupifupi 8 pa sekondi iliyonse, pamene icho chikutsika nthaka nayo imakhala ikupindika pansi pake. Chimangozungulirabe dzikoli osalikhudza. Ntchito ya roketi si kukweza setilaiti kokha, komanso kuipatsa liwiro loopsali. Ikafika pamenepo injini imazimitsidwa, popeza kumtundako mpweya woti n'kuibweza ndi wochepa zedi.

Chowala kwambiri pa zonse zimene timaziona zikudutsa ndi International Space Station, nyumba ya kafukufuku momwe mwakhala mukukhala anthu mosadukiza kuyambira mu Novembala 2000. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi 90 zokha. Mtunda wochokera ku Nsanje kukafika ku Chitipa imaudutsa m'mphindi ziwiri. Anthu a m'menemo amaona dzuwa likutuluka ka 16 pa tsiku.

Kutalika kwa pamene setilaiti ili ndiko kumasankha ntchito yake. Ikakhala patali, mphamvu yokoka ya dziko imachepa, ndipo nayo imayenda mofatsa. Pamtunda wa makilomita 35,786, molunjika mzere wa ikweta, setilaiti imatenga tsiku lathunthu kuti izungulire kamodzi, mofanana ndi dziko lenilenilo. Kwa ife tili pansi imaoneka ngati yaima malo amodzi. Mlembi wa ku Britain, Arthur C. Clarke, analongosola m'chaka cha 1945 mmene malo amenewa angathandizire kuulutsa mawu, Sputnik isanabadwe n'komwe. N'chifukwa chake katswiri wokhoma dishi ya kanema amatha nthawi padenga akuitembenuza pang'onopang'ono, wina ali m'nyumba akukuwa kuti chithunzi chabwera, kenako n'kumanga mabawuti osadzaigwiranso. Dishi imeneyo singayang'ane kummwera, poti ife tili kummwera kwa ikweta. Mphepo ikangoipotoza pang'ono, kanema wathawa. Ndipo mpira wa pa kanema ukaduka mvula yamkuntho ikamagwa, si chinyengo cha kampani ayi: madontho a mvula amameza mafunde a wailesi amene ayenda ulendo wautali chotere.

Kutalikako kuli ndi vuto lake. Uthenga kuti ukwere ndi kutsikanso umatenga pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a sekondi. Pa kanema palibe amazindikira, koma pokambirana pa intaneti zimatopetsa. Kampani ya SpaceX inasankha njira ina: masetilaiti ake a Starlink, amene anayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, amauluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 550. Pafupi chonchi iliyonse imadutsa mwachangu, ndiye pamafunika ambirimbiri kuti ina ikachoka ina ifike. Akangoponyedwa kumene amaoneka atandandalikana mumzere umodzi usiku, ndipo akatswiri a zakuthambo akudandaula, m'pomveka, kuti akuwaipitsira zithunzi za nyenyezi. A GPS, amene foni yanu imadalira posonyeza malo, ali pakatikati, makilomita 20,200 kuchokera pansi, ndipo foni imafunika kumva anayi kuti idziwe pomwe mwaima.

Kwa dziko ngati lathu, phindu lalikulu mwina lili pa zanyengo. Namondwe wa Freddy anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, ndipo masetilaiti anamulondola tsiku ndi tsiku akuwoloka nyanja ya Indian Ocean, akuomba Madagascar, akulowa mu Mozambique, akubwerera kunyanja, kenako akulowanso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe la World Meteorological Organization linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo. A zanyengo kuno anachenjeza mvula isanafike. Komabe matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chakummwera anthu mazanamazana anafa. Chithunzi cha kumwamba chimasonyeza njira ya namondwe, koma sichiuza banja lokhala m'mphepete mwa phiri kumene lingathawire usiku. Imeneyo ndi ntchito ya makhonsolo, mafumu, mawailesi ndi onse opereka malo omangapo nyumba, ndipo ndi pamene tinagwa mphwayi.