Kuzimitsa pulagini sikutseka chitseko

Pa 1 September 2020, eni ake a pulagini yotchedwa File Manager anatulutsa mtundu watsopano wa 6.9 mwamsangamsanga. Panali patapezeka mpata woti munthu aliyense, ngakhale wopanda pasiwedi, aponye fayilo yake mu webusaiti ya mnzake n'kuyamba kuilamulira. Pulaginiyo inali m'mawebusaiti a WordPress oposa 700,000, ndipo pasanapite masiku ambiri mbava za pa intaneti zinali zikugogoda paliponse kusaka amene sanatsekebe.

Nthawi zonse zikachitika zotere, pamabuka mawu omwewo akuti WordPress ndi yobooka. Ena amafunsa chifukwa chimene akuluakulu a pulogalamuyi sangoikiramo zonse m'phata lake kuti anthu asiye kutolatola mapulagini. Funsoli ndi lakale ndithu. Matt Mullenweg ndi Mike Little anayamba WordPress mu 2003, ndipo mapulagini anabwera chaka chotsatira mu mtundu wa 1.2. Lero mawebusaiti oposa 40 mwa 100 alionse pa dziko lapansi amayendera pulogalamuyi, kuphatikizapo ambiri a sukulu, mipingo ndi mabungwe a kuno kwathu. Mfundo imene oilemba anagwirizana ndi yakuti chinthu chilowe m'phata pokhapokha ngati anthu 80 mwa 100 alionse angachigwiritse ntchito. Zotsalazo zipite ku mapulagini, omwe tsopano alipo oposa 50,000 m'nkhokwe ya WordPress yokha.

Chimene ambiri sadziwa ndi mphamvu imene pulagini imakhala nayo ikangolowa. Munthu akatsegula tsamba, WordPress imagwira ntchito motsata ndondomeko: imafufuza nkhani yafunsidwayo, imakonza mutu, imaika zithunzi, kenako imatumiza. M'ndondomekomo muli malo mazanamazana otchedwa hooks, pamene pulogalamu imaima kaye n'kuona ngati pali pulagini yofuna kuchitapo kanthu. Ina imasintha mawu asanaoneke, ina imatumiza imelo, ina imawerenga alendo. Apa ndiye pagona luso lonse la WordPress, ndipo ndi luso lenileni, chifukwa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Jakarta atha kuwonjezera chinthu popanda kukhudza mzere umodzi wa phata. Koma palibe mpanda pakati pa pulagini ndi phatalo. Zonse zimalembedwa m'chinenero cha PHP, zimayendera pamodzi, ndipo zimafika pa nkhokwe imodzi momwe muli maina, maimelo ndi nkhani zonse. Kapulagini kongoika nyengo ya lero pakona ya tsamba kali ndi ufulu wofufuta chilichonse. Zili ngati kuitana mmisiri kuti akonze mpopi wa kubafa, inu n'kumupatsa makiyi a nyumba yonse, a kuchipinda omwe.

N'chifukwa chake makampani ofufuza za chitetezo monga Patchstack akhala akupeza chaka ndi chaka kuti mipata yoposa 90 mwa 100 iliyonse yopezeka kumene mu WordPress imakhala m'mapulagini, pomwe ya m'phata imakhala yowerengeka.

Ndiye pali bodza lina limene limandinyansa kwambiri, chifukwa limafalitsidwa ndi anthu omwe amalipidwa kuti asamalire mawebusaiti a anzawo. Amati pulagini ukaizimitsa ndiye kuti wathana nayo. Ayi ndithu. Kuzimitsa kumangouza WordPress kuti isamaitanenso pulaginiyo pa hooks paja, koma mafayilo ake amakhala ali pomwepo pa seva. Vuto la File Manager linali m'kafayilo kamodzi kotchedwa connector.minimal.php, kamene mbava inkatha kukafikira mwachindunji pongolemba adiresi yake, osadutsa pa WordPress n'komwe. Kaya pulagini ndi yoyatsa kaya ndi yozimitsa, kafayiloko kanali kuyankha. Munthu amene amasunga mapulagini khumi ozimitsa poganiza kuti mwina adzawafuna tsiku lina akudzinamiza.

Komabe amene amati zonse zingolowa m'phata akuiwala za mu 2017. Njira yotchedwa REST API, yothandiza mapulogalamu ena kuwerenga ndi kulemba nkhani mu WordPress, inakhala zaka ili pulagini. Mu December 2016 mbali yake yaikulu inalowa m'phata, mu mtundu wa 4.7, ndipo inalowa ndi kachilema. Munthu akalemba nambala ya nkhani n'kumatako zilembo, mwachitsanzo 123abc, gawo lofufuza chilolezo linkaona ngati nkhani yoteroyo kulibe n'kumulola kudutsa. Gawo lotsatira linkataya zilembozo, n'kutsala ndi 123, n'kusintha nkhani yeniyeni. Kampani ya Sucuri ndiyo inatulukira izi. Mtundu wa 4.7.2 unatuluka pa 26 January 2017, ndipo akuluakulu anakhala chete pafupifupi sabata yathunthu kuti mawebusaiti ayambe adzikonza okha, pakuti kuyambira mu 2013 phata limatha kulandira lokha zokonza zing'onozing'ono. Ngakhale zinali choncho, masamba oposa miliyoni imodzi anaipitsidwa mwezi wotsatira. Chinthuchi chikanakhalabe pulagini, akanavulala okhawo amene anachiika. Chitalowa m'phata, chinafika ngakhale kwa amene sankadziwa kuti chilipo.

Zinthu zimalowa ndi kutuluka. Gawo losungira maulalo linabisidwa kwa oyamba kumene mu 2012, ofuna azichita kuika pulagini. Mapu a webusaiti othandiza Google kupeza masamba analowa mu August 2020, ndipo palibe anadandaula kwenikweni chifukwa pafupifupi aliyense amawafuna. Koma Gutenberg, njira yatsopano yolembera nkhani, italowa mu December 2018, anthu mamiliyoni anathamangira kuika pulagini ya Classic Editor kuti abwezeretse yakale, ena anali atapatuka kale n'kuyambitsa ClassicPress. Kuona kwanga, pamenepo mfundo ya 80 mwa 100 ija inapondedwa, ndipo zotsatira zake zinali zakuti mawebusaiti ambirimbiri anawonjezera pulagini ina pamwamba pa amene anali nawo kale.

Ine ndili kumbali ya phata lochepa. Chilowemo chokhacho chimene aliyense akuchifuna ndipo chayesedwa nthawi yaitali kunja. Koma zimenezi zikutanthauza kuti katundu wa mapulagini ali pamutu pa mwini webusaiti, osati pa Mullenweg. Kuyambira mtundu wa 5.5, WordPress imalola kuti mapulagini azilandira okha mitundu yatsopano, kungoti mwini wake ayenera kuyatsa yekha njirayi. Iyatseni. Ndipo pulagini iliyonse imene simukuigwiritsa ntchito musangoizimitsa, ifufuteni lero lomwe.