Mgolo wa Nkoloso ndi Mbewu Zozungulitsidwa: Vuto la Mawu a Sayansi m'Chinyanja cha ku Lusaka

M'chaka cha 1964, pamene dziko la Zambia linkalandira ufulu, Edward Mukuka Nkoloso, yemwe anali atagwirapo ntchito ya uphunzitsi, ankalowetsa achinyamata mumgolo n'kuwagubuduza pamtsetse kunja kwa mzinda wa Lusaka, ati kuti azolowere moyo wa mumlengalenga. Ambiri anamuseka. Komabe ganizo lozungulitsa chinthu poyerekeza za mumlengalenga silitalikirana kwenikweni ndi zimene akatswiri a zomera amachita.

Chipangizo chawo chimatchedwa clinostat, ndipo anachikonza Julius von Sachs wa ku Germany m'zaka za m'ma 1870. Muzu umazindikira kumene kuli pansi chifukwa m'maselo a kunsonga kwake muli timibulu ta sitalichi tomwe timadikha kumunsi, monga nsenga m'chikho cha thobwa. Chipangizochi chimazungulitsa mbewu yomera pang'onopang'ono mosalekeza, kotero kuti timibuluto sitipeza podikha. Pamenepo muzu umangolowera kulikonse. Kafukufuku wotere amathandiza ulimi wa mumlengalenga mwenimweni: mu Ogasiti 2015 ogwira ntchito pa International Space Station anadya letesi wolimidwa momwemo.

Nanga mphunzitsi wa ku Matero kapena ku Chawama afotokoza bwanji zimenezi m'Chinyanja? Mawu obwera msanga pakamwa ndi akuti "kupanda kulemera", koma ali ndi zilema ziwiri. Choyamba, mneni "kulemera" amanenanso za chuma, choncho mwana angathe kumva ngati nkhani ndi ya umphawi. Chilema chachiwiri ndicho chachikulu: mawuwa amanama. Mbewu ya mu clinostat ikadali ndi kulemera kwake konse, pakuti mphamvu yokoka ya dziko siinachoke. Chimene mbewuyo yataya ndi mbali imodzi yokhazikika yoti nkuitcha pansi. Mwana wophunzitsidwa kuti makina achotsa kulemera adzavutika kumasuka ku bodzalo akadzafika m'makalasi apamwamba.

Ife tikuona kuti dzina la chipangizochi linene ntchito yake, potsata kapangidwe ka mayina monga "mlowam'malo", momwe mneni amalumikizidwa ndi mawu a malo. Motero tingati "chisokonezapansi". Tikuvomereza kuti m'makomboni a Lusaka, momwe Chinyanja chimabwereka mawu mosavuta ku Chingerezi ndi ku Chibemba, dzina lobwereka lingathe kufala msanga kuposa lathuli. Ngakhale zitatero, mphunzitsi adzafunikabe mneni wolondola pofotokoza, ndipo mneniyo ndi "kusokoneza", osati "kuchotsa".