Zala za mwana ziyambe nchito pensulo isanafike

Mwezi wa January ukafika, tonse timathamangira mayunifomu, nsapato ndi mabuku. Koma pali cinthu cimodzi cimene sitigula ku Kamwala kapena ku City Market, ndico zala zokhwima. Timaona ana ena a Giredi 1 akugwira pensulo ndi nkhonya yonse monga akugwira mpini wa khasu. Akalemba mizere iwiri dzanja latopa, misozi yayamba, ndipo kunyumba tiyamba kumuchula mwanayo kuti ndi waulesi kapena wopanda nzeru. Kawirikawiri nzeru zilipo. Cimene casowa ndi kuzolowera kwa zala.

Kulemba ndi nchito ya timinofu tating'ono ta m'zala ndi m'cikhatho, togwirizana ndi maso. Timinofu timeneti timakhwima pang'onopang'ono. Khanda liyamba ndi kufumbata. Pofika cakumapeto kwa caka coyamba limatha kutola kanthu ndi cala cacikulu ndi camkombaphala. Pa zaka ziwiri mwana asanjikiza tinthu, pa zitatu ayesa kujambula cozungulira, ndipo pa zinai kapena zisanu ayamba kudula pepala ndi sizasi ndi kumanga mabatani a malaya ake. Ana amasiyana liwiro, koma njira yake ndi yomweyo. Mwana amene sanapatsidwe mpata wocita izi amafika ku sukulu ali ndi ngongole.

Boma linabweretsa maphunziro aulere a pulaimale mu 2002, ndipo mu 2022 linawafutukula kuyambira ku makalasi a ana ang'ono kufika ku sekondale. Tiyamika. Koma mphunzitsi mmodzi wokhala ndi kalasi lodzaza sangagwire dzanja la mwana aliyense tsiku ndi tsiku. Mbali yaikulu ya nchitoyi ili pa ife makolo ndi agogo.

Pano pa Lusaka tili ndi matenda awiri. Kholo la ku Kabulonga kapena Woodlands lilowa m'sitolo ku Manda Hill, ligula cidole ca mabatire cimene ciyimba ndi kuyenda cokha. Mwana angodina kamodzi, kenaka akhala cete kuonerera. Cidole ndico cagwira nchito, zala zapuma. Kholo la ndalama zocepa, kaya ku Kabwata, ku Chelstone kapena pa munda kunja kwa mzinda, liona zimenezi ndi kudzimvera cisoni kuti mwana wake watsalira. Pofuna kumutonthoza limupatsa foni. Apanso cala cimodzi cokha ndico citsetsereka pa galasi. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosafika zaka ziwiri asamakhale pansi kuonerera foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Ena amaganiza kuti dzina la Montessori ndi la masukulu okwera mtengo okha. Tikumbutsane mbiri yake. Maria Montessori anali dokotala wa ku Italy. Sukulu yake yoyamba anaitsegula mu 1907 m'dera la anthu osauka la San Lorenzo mu mzinda wa Rome, ya ana amene makolo ao anali kucoka m'mawa kupita ku nchito. Anawo anali kuphunzira kumanga mabatani, kuthira madzi osataya, kusesa, ndi kulondola zilembo ndi cala. Kodi izi ndi zacilendo kwa ife? Ndi nchito za pakhomo pathu pomwe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ife amene tinakulira kumudzi tikumbukira bwino. Anyamata tinali kuumba ng'ombe za dongo, kutsina nyanga ndi linunda mosamala kuti zisathyoke. Tinali kupinda mawaya kupanga galimoto. Atsikana anali kucita ciyato: kuponya mwala m'mwamba, kukoka miyala ina pansi, ndi kuwakha usanagwe. Pa nsolo tinali kutola ndi kugawa miyala m'maenje, uku tikuwerengera. Palibe anatiuza kuti tikukonzekera kulemba, koma pensulo itabwera inapeza zala zokonzeka.

Nanga lero tingacite ciyani? Mwana wa zaka ziwiri mupatseni makapu apulasitiki asanjikize, supuni adye yekha ngakhale atayikire, ndi nyuzipepala yakale ang'ambe. Wa zaka zitatu kufika zinai aumbe dongo, apane zopanira zovala m'mphepete mwa beseni, atsegule ndi kutseka mabotolo, alowetse cingwe m'zivindikiro zimene mwaboola. Mabokosi a macisa ndi zivindikiro zinai atulutsa galimoto yabwino. Wa zaka zisanu asende nshawa, atong'ole cimanga, asankhe nyemba pa lisero, amange nthambo za nsapato zake. Alimi, nyengo yokolola ndiyo sukulu yaulere imeneyi. Pasanabwere buku, mwana alembe pa mcenga ndi kamtengo kapena pa simenti ndi khala. Tsiku lina mupite naye ku Kabwata Cultural Village pa mseu wa Burma, akaone osema ndi oluka m'mene zala zao zimagwirira nchito. Akabwerako adzafuna kuyesa.

Ticenjezane pa zinthu zitatu. Coyamba, mwana wosafika zaka zitatu amaika ciliconse m'kamwa ndi m'mphuno. Nyemba, mikanda, nshawa ndi timabatire tozungulira tonga batani zikhale kutali naye, cifukwa zimatsamwitsa, ndipo kabatire kakamezedwa kamaocha kukhosi. Caciwiri, nchito izi zikhale sewero la kanthawi kocepa, osati ganyu kapena cilango. Cacitatu, mwana wamanzere musam'menye kuti asinthe dzanja. Mwambo wolandira cinthu ndi manja awiri m'phunzitseni, koma polemba mulekeni agwiritse dzanja limene lili ndi mphamvu. Ndipo ngati muona kuti dzanja limodzi ndi lolefuka, kapena mwana sagwira zinthu monga anzake a msinkhu wake, nenani kwa anamwino pa tsiku la sikelo. Musabise, musadikire.

Cobvuta ceniceni si ndalama ai, koma kuleza mtima. M'mawa tikuthamangira minibasi, ndiye timam'manga mabatani tokha, timam'dyetsa tokha, cifukwa iye acedwa. Potero tam'landa phunziro la tsikulo. Tiyeni tiyambe ndi cimodzi sabata ino: madzulo nsima isanapse, foni ikhale m'thumba, mwana akhale pa mphasa ndi dongo kapena lisero la nyemba, ife tili pambali pake. M'mera mpoyamba.