Kusambira kozama pansi pa madzi: zimene mpweya umachita m'thupi

Anthu amene amasambira pansi pa madzi atanyamula masilinda a mpweya kumsana ali m'magulu awiri. Ambiri, monga alendo amene amapita kukaona mbuna ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, sapitirira mamita 40, ndipo nthawi yawo imawerengedwa mwakuti china chake chikavuta angathe kukwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba osaima panjira. Gulu lachiwiri ndi la akatswiri a luso lotchedwa technical diving, amene amatsika kupitirira malire amenewa, amalowa m'mapanga ndi m'zombo zomira, ndiponso amakhalitsa pansi mpaka thupi litamwa mpweya wambiri moti kukwera mofulumira kungawalumaze kapena kuwapha. Kwa iwowa pamwamba pa madzi si pothawira, choncho vuto lililonse liyenera kuthetsedwa komweko, ndi zida zimene munthu wanyamula komanso nzeru zimene zamutsalira pa nthawiyo.

Gwero la zoopsa zonse ndi kupanikiza kwa madzi. Pa mamita 10 aliwonse amene munthu watsika, madzi amawonjezera mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse umene umapanikiza thupi pamtunda, moti pa mamita 30 thupi limapanikizika kanayi kuposa pagombe, ndipo mpweya wolowa m'mapapo umakhala wothinana kanayi. Mpweya wamba uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100 alionse ndi nayitrojeni magawo 78, ndipo mitundu iwiri yonseyi imasanduka yovulaza ikathinana. Nayitrojeni amayamba kusokoneza ubongo pa mamita pafupifupi 30, pamene munthu amachedwa kuganiza, amaiwala kuyang'ana mita yake ya mpweya, mwinanso amadzimva wolimba mtima popanda chifukwa. Okosijeni, amene ndiye moyo pamtunda, akachuluka amachititsa munthu kuphupha ngati wakhunyu, kawirikawiri popanda chenjezo, ndipo wophupha m'madzi amalavula chopumira chake n'kumira. Ndi mpweya wamba, malire amene osambira ambiri amatsatira pa okosijeni amafikidwa pa mamita pafupifupi 56. Pa chifukwa chimenechi opita kozama amapuma msakanizo wotchedwa trimix, mmene mbali ina ya nayitrojeni ndi ya okosijeni imalowedwa m'malo ndi hiliyamu, mpweya wopepuka umene suledzeretsa, ngakhale kuti nawonso, kupitirira mamita 150, umabwera ndi kunjenjemera kwa manja ndi kusokonezeka kwa mitsempha.

Matenda odziwika kwambiri ndi obwera pokwera. Munthu akakhala pansi, nayitrojeni kapena hiliyamu amasungunukira m'magazi ndi m'minofu pang'onopang'ono, ndipo akakwera msanga mpweyawo umatuluka ngati timathovu, monga limachitira thobwa logonera m'botolo likatsegulidwa mwadzidzidzi. Timathovu timeneti tikakhala molumikizirana mafupa timabweretsa ululu woboola m'mapewa ndi m'zigongono, tikafika mumtsempha waukulu wa mumsana timayambitsa dzanzi, kulephera kukodza ndi kufa kwa miyendo, ndipo tikalowa mkati mwa khutu munthu amamva chizungulire choopsa n'kumasanza. Katswiri wa ku France, Paul Bert, ndiye anasonyeza mu 1878 kuti thovu la nayitrojeni ndilo limayambitsa matendawa, ndipo mu 1908 John Scott Haldane, atayesa pa mbuzi, anakonzera asilikali apamadzi a ku Britain ndondomeko yoyamba ya kukwera moimaima, kuti mpweya uzituluka kudzera m'mapapo usanapange thovu. Makompyuta ambiri amene osambira amavala pamkono masiku ano amatsatira masamu a Albert Bühlmann, dokotala wa ku Zurich amene anapitiriza ntchito imeneyi. Kutalika kwa kuimaimaku kumadabwitsa: mu 2014, ku Dahab pa Nyanja Yofiira, Ahmed Gabr wa ku Egypt anatsika mamita 332 m'mphindi zosapitirira 15, koma kukwera kunamutengera maola pafupifupi 14.

Chofunika kumvetsa n'chakuti masamu amenewa amachepetsa ngozi koma saithetsa, chifukwa matupi amasiyana. Munthu mmodzi mwa anayi alionse ali ndi kabowo pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima, kamene kanayenera kutsekeka atabadwa koma sikanatsekeke bwino. Pamtunda kabowoka nthawi zambiri sikavutitsa, koma kwa wosambira kozama kangalole timathovu kulambalala mapapo, amene akanatisefa, n'kupita ku ubongo. Kuzizira ndi kugwira ntchito yolemetsa pansi nazonso zimawonjezera ngozi, ndipo n'chifukwa chake wosambira angadwale ngakhale atatsatira kompyuta yake ndendende.

Pali mdani wina amene kwa nthawi yaitali sankapatsidwa chidwi chokwanira, ndiye kaboni dayokisaidi, mpweya woipa umene thupi lenilenilo limapanga. Mpweya wopuma ukathinana kwambiri umalemera, suyenda bwino m'timachubu ta m'mapapo, ndipo munthu akamagwira ntchito amalephera kutulutsa mpweya woipa mofanana ndi mmene ukupangikira. Akayesa kupuma mwamphamvu, minofu ya pachifuwa imapanga mpweya woipa wina, timachubu timafinyika, ndipo vuto limakula lokha mpaka munthu atakomoka. Ngoziyi ndi yaikulu kwa ogwiritsa ntchito makina otchedwa rebreather, amene sataya mpweya wopumidwa koma amauzunguliza, n'kuchotsamo mpweya woipa ndi mankhwala, kenako n'kuwonjezeramo okosijeni.

Zimenezi zinaonekera momvetsa chisoni ku Boesmansgat, phanga lozama lodzaza madzi m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa. Mu Okutobala 2004, Dave Shaw, woyendetsa ndege wa ku Australia, anapeza pa mamita 270 mtembo wa mnyamata Deon Dreyer, amene anatayika m'phangalo mu 1994, ndipo pa 8 Januwale 2005 anatsikanso kuti akautulutse ndi kuupereka kwa makolo ake. Mtembowo, umene ankayembekezera kuti ukhala chigonere m'matope, unayandama, chingwe chinakolana, ndipo ntchito imene inakonzedwa kuti ikhale yopepuka inasanduka yolimbana nayo pamalo pamene thupi linali litapanikizika pafupifupi ka 28. Kamera imene inali pachipewa chake inajambula manja ake akulimbana ndi chingwecho pamodzi ndi phokoso la kupuma kwake, kumene kunkafulumira ndi kufupika mpaka kunaleka. Madokotala amene anafufuza pambuyo pake, mmodzi mwa iwo Simon Mitchell wa ku New Zealand, anapeza kuti kuchuluka kwa mpweya woipa ndiko kunamugonjetsa. Mnzake Don Shirley, amene anatsika pambuyo pake, anadwala thovu la m'khutu pokwera, ndipo anatha maola ambiri akusanza ali chigwirire chingwe, popeza kutuluka m'madzi nthawi isanakwane kukanamupha. Masiku ano akatswiri amalangiza kuti kulemera kwa mpweya wopuma kusapitirire magalamu pafupifupi 6 pa lita, malire amene mpweya wamba umawafika pa mamita pafupifupi 40.

Chitetezo cha osambira otere chimakonzedwa asanalowe m'madzi. Silinda iliyonse imapimidwa ndi kachipangizo koyezera okosijeni ndi kulembedwa m'zilembo zazikulu kuzama kumene ingagwiritsidwe ntchito, chifukwa kupuma silinda yolakwika pamalo ozama kwaphetsa akatswiri odziwa bwino ntchito yawo, ndipo okosijeni wosasakaniza sapumidwa kupitirira mamita 6. Olowa m'mapanga amagawa mpweya wawo patatu, gawo lolowera, gawo lotulukira ndi gawo losungira ngozi, ndipo chida chilichonse chimene moyo ukudalira chimanyamulidwa pawiri. Pali lamulo linanso limene osambirawa amalilemekeza, lakuti aliyense angathetse ulendo nthawi iliyonse popanda kufunsidwa chifukwa, ndipo lamuloli ndi lanzeru chifukwa manyazi pamaso pa anzake ndi amene amatsitsa munthu amene mtima wake wakana kale.

Matenda a thovu akayamba, thandizo loyamba ndi kugoneka wodwalayo, kumupatsa okosijeni wosasakaniza komanso madzi akumwa ngati ali maso, kenako kumutengera kuchipinda chachitsulo chimene amamupanikiziramo ndi mpweya ngati wabwerera pansi pa madzi. Ndondomeko yofala, yotchedwa US Navy Table 6, imayambira pa kupanikiza kofanana ndi mamita 18 ndipo imatenga maola pafupifupi 5. Bungwe la Divers Alert Network, limene lili ndi nthambi ya kummwera kwa Africa, limalangiza pa lamya usana ndi usiku pa ngozi zoterezi. Chimene chimachedwetsa odwala ambiri n'chakuti zizindikiro zingaoneke patapita maola, ndipo munthu amadzinyenga kuti dzanzi la m'mwendo ndi kutopa chabe, pamene kuchedwa kulikonse kumachepetsa mwayi wochira kwathunthu.

Pa Nyanja ya Malawi pali mfundo ina imene wosambira aliyense, wozama kapena wosazama, ayenera kuiganizira. Nyanjayi ili pamalo okwera mamita pafupifupi 470 kuposa nyanja zamchere, ndipo popeza mpweya wa pamalo okwera umapanikiza pang'ono, thovu limapangika mosavuta, moti kompyuta iyenera kutcheredwa molingana ndi kukwera kwa malowo. Madokotala amalangiza kudikira maola 12 munthu asanakwere ndege akasambira kamodzi, maola 18 akasambira kangapo, ndi maola ochuluka kuposa pamenepo akachita kusambira kofuna kuimaima. Chenjezo lomweli likukhudza msewu, pakuti galimoto yochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu imakweza munthu mamita oposa 700 pa ulendo wa ola limodzi lokha, ndipo wosambira amene watuluka kumene m'madzi ozama ayenera kugona kunyanja asanayambe chitunda chimenecho.